Wa Honda Alibe Chitseko

Loweruka lililonse pa wailesi yathu timakamba zamasewera. Za mpira zikatha timaponyako nkhani za mipikisano ya liwiro, chifukwa anyamata a honda kuno ku Mwase Lundazi amazikonda. Mukawapeza pamthunzi akudikira makasitomala, maso amakhala ali pa foni, kuonera anzawo a kunja akupendeka pa kona mpaka bondo kukhudza pansi.

Za motoka sasamala nazo kwenikweni, ngakhale kuti kumeneko n'kumene Zambia ili ndi mbiri. Satwant Singh anapambana African Rally Championship maulendo 8, Muna Singh naye anatenga chikhochi mu 2004 ndi 2005. Koma wa rally amakhala mkati mwa khola lazitsulo, atamangidwa malamba, pambali pake pali mnzake womuwerengera makona papepala. Akatsika amayankhula modekha ngati kalaliki wa ku banki: matayala, mafuta, kuthokoza amakanika ndi makampani omuthandiza. Ndi masewera ofuna ndalama ndi mutu wozizira. Anyamata athu amati amenewo ndi mabwana.

Wa njinga yamoto ndi mtundu wina. Alibe chitseko, alibe denga, bampala ndi thupi lake lomwe. Mwina n'chifukwa chake amakhala a nthabwala komanso ouma mutu, ndipo mnzawo akagwa onse amamva kuwawa. Kusiyanaku sikochepa: m'mbiri yonse ndi John Surtees yekha amene anakhala katswiri wa dziko lonse mbali ziwirizi, pa njinga kenako pa motoka ya Ferrari mu 1964.

Tsiku lina tinasimba za Jorge Lorenzo. Mu 2013 ku Assen anagwa Lachinayi, fupa la paphewa n'kuthyoka. Anauluka kupita ku Barcelona, madokotala anamuika chitsulo, Loweruka anali pa njinga ndipo anamaliza pa nambala 5. Nkhaniyi tinaikometsa, tivomere, mpaka mafoni anali kulira osaleka. Zimene sitinanene ndi zakuti munthuyo amavala chikopa kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, kuti msewu wake ulibe maenje, ngolo za ng'ombe kapena mbuzi, ndiponso kuti ambulansi imakhala ili pomwepo injini ikulira.

Patapita masabata angapo, mnyamata wina amene amatinyamula tikamapita ku boma anagwa. Ankapikisana ndi mnzake pa msewu wafumbi, anapeza mchenga pa kona, mwendo unathyoka. Chipewa choteteza mutu chinali chomangirira kumbuyo kwa mpando, mwamwayi mutu sunagunde. Kuchipatala anamuika pulasitala n'kumuuza kuti apume masabata 6. Iye anaidula yekha ndi mpeni lisanathe sabata lachitatu. Honda si yake, mwiniwake amafuna ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo panali kale wina amene ankaifunsira. Anzake anamuombera m'manja n'kumupatsa dzina loti Lorenzo.

Ife tinakangana mu situdiyo. Ena anati tileke nkhani za njinga, ena anati njala ndi imene inadula pulasitala ija, osati wailesi. Sitinagwirizane. Pomaliza tinamuitana kuti adzafotokozere anzake momwe mwendo umapwetekera usiku. Anabwera akutsimphina, anakhala pansi, ndipo tisanatsegule maikolofoni anati: "Achimwene, pondilonjera musatchule dzina langa lenileni. Anthu sadzandidziwa. Munene kuti Lorenzo."