Ku Samora Machel, Tete: kumene chilankhulo chimaseketsa ndi kuliritsa

Munthu wochokera ku Mwanza kudzera pa Zóbuè, kapena ku Dedza kudzera pa Calómuè, akangopitirira migodi ya malasha ya ku Moatize amadziwa kuti Tete wayandikira. Malambe amachuluka, mbuzi zimadutsa pamsewu mosaopa galimoto, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Kenaka pamaoneka mtsinje wa Zambezi ndi mlatho wake wolenjekeka pa zingwe zachitsulo. Mlathowu umatchedwa Samora Machel, dzina la mtsogoleri woyamba wa Mozambique, yemwe adafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini m'chaka cha 1986.

Dzina lomweli ndi la dera lina la mumzindawu, limodzi mwa madera amene eni ake amati bairo, monganso Josina Machel, Francisco Manyanga, Matundo ndi Chingodzi. Masana aliyense amafuna mthunzi. Dzuwa likapendeka ndiye moyo umayamba: amayi amayala malonda, ana amathamangira mpira, ndipo achinyamata okonda zisudzo amapeza mpata wokumana pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi. Iwowa salandira malipiro. Wina ndi mwana wa sukulu, wina amanyamula anthu pa njinga yamoto, wina amasoka zovala.

Chimene mlendo amayamba kuzindikira ku Tete ndi kuchuluka kwa zilankhulo. Eni mzinda amalankhula Chinyungwe, ndipo moni wao ndi wakuti "Muli tani?" Muofesi ndi m'kalasi muli Chipwitikizi. Pamsika wa Kwachena mumva Chichewa cha anthu a ku Angónia ndi ku Tsangano amene abwera ndi mbatatesi ndi kabichi, mumva Chisena, mumvanso Chishona cha oyenda pa msewu wa ku Zimbabwe. Pamalo otere nthabwala sizisowa, chifukwa mau amodzi omwewo wina amamva zina, wina zina.

Azungu ali ndi sewero lakale la nyimbo ndi nthabwala lotchedwa My Fair Lady, limene lidayamba kuonetsedwa ku New York mu 1956, kuchokera pa sewero la George Bernard Shaw. Magulu a anthu wamba m'maiko ambiri akhala akulisewera. Nkhani yake ndi ya mtsikana wosauka wogulitsa maluwa ku London. Mphunzitsi wina wodzitama akubetcha ndi mnzake kuti atha kumuphunzitsa kulankhula ngati mwana wa mabwana. Mtsikanayo akuphunziradi, anthu akupusitsika, koma pamapeto pake akufunsa kuti tsopano iye ndi wa kuti, popeza kwao sangabwerereko monga kale, ndipo kwa mabwanako si kwao.

Nkhani imeneyi siyachilendo ku Tete. M'nthawi ya Apwitikizi, mpaka chaka cha 1961, munthu wakuda wofuna kuwerengedwa ngati nzika amayenera kuonetsa kuti amalankhula bwino Chipwitikizi ndiponso kuti wasiya miyambo ya makolo. Munthu wotere ankatchedwa asimilado. Pa nkhondo imene idatha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo ana ambiri adabwerera kwao akuwerenga Chichewa ndi Chingerezi, koma Chipwitikizi chikuwavuta. Mpaka lero mwana wa kumudzi akafika m'tauni amaopa kutsegula pakamwa kuti angamuseke.

Tsono gulu la ku Samora Machel lofuna sewero lotere lingayambe bwanji? Sewero la azungulo lili ndi eni ake, ndipo nyimbo zake saziimba pagulu popanda chilolezo ndi ndalama. Chanzeru ndi kupeka lao, la mtsikana wa ku Angónia wogulitsa tomato, amene azakhali ake a m'tauni amletsa kulankhula Chichewa pamaso pa alendo. Zovala zipezeka pa kaunjika, amene kumeneko amati kalamidade. Ng'oma ziwiri, chisekese ndi gitala imodzi zikwana. Chovuta ndi anthu: woimba bwino nthawi zambiri sadziwa kuseketsa, woseketsa amasochera pa nyimbo, ndipo tsiku loyeserera wina amapezeka wapita ku ganyu. Paja mutu umodzi susenza denga. Nyimbo iyeneranso kukhala ndi ntchito, osati kungodzaza nthawi. Ilowe pamene mau atha, monga mmene agogo amadulira nthano ndi nyimbo, ana n'kumavomera.

Luso limeneli tili nalo kale. Pa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, pamatuluka zilombo monga Simoni ndi Maliya zimene zimaseka makhalidwe obwera ndi alendo, ng'oma ikulira. A John Nyanga ndi a Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja, adaseketsa anthu mbali zonse za malire m'Chichewa chenicheni. Ndipo pakati pa 1993 ndi 1997, pamene boma la Mozambique lidayesa koyamba kuphunzitsa ana m'chilankhulo chao, chigawo cha Tete chidali pakati pa malo osankhidwa, chilankhulo chake Chinyanja.

Choncho inu awerengi, mukapita ku Tete kukagulitsa nyemba kapena kukaona odwala, mukamva ng'oma ndi kuseka madzulo, musadutse. Imani kumbuyo, muponye kangachepe m'mbale ya anawo. Ndipo mukabwerera kumudzi, muuze aphunzitsi ndi achinyamata kuti sewero silidikira nyumba ya malata ndi magetsi. Pansi pa mtengo wa mango ndi pokwanira, bola mwana wanu aime pamaso pa anthu, aimbe ndi kuseketsa m'chilankhulo chimene adayamwa.