Za Galimoto Yakale Imene Inkawiritsa Madzi

M'chaka cha 2019, pa nyengo ya tchuthi chachikulu, ndinapita kukacheza kwa mphwanga amene agwira ntchito ku California, m'dziko la America. Za nyumba zawo zazitali ndi misewu yawo yotakata ena analemba kale. Ine ndifuna kukusimbirani, abale owerenga, za galimoto imodzi yakale, ndi za bambo ena a imvi oyandikana nyumba ndi mphwangayo, amene ndinakhala nawo m'galaja mwawo masabata atatu ndili kuwagwirira nyali.

Galimoto za mtundu umenewu eni ake azitcha hot rod. Chiyambi chake ndi ichi: m'zaka za m'ma 1930 anyamata a kummwera kwa California, pokhala osauka koma okonda liwiro, ankagula Ford zakutha, nachotsapo zitsulo zotchinga matope ndi zonse zolemera, nawonjezera mphamvu ya injini, napita kukapikisana pa nyanja zouma za m'chipululu cha Mojave, makamaka ija ya Muroc. Mu 1937 anakhazikitsa bungwe losunga malamulo a mpikisanowo, ndipo itatha nkhondo yachiwiri, asilikali obwerako ndi luso la umakanika anakulitsa mwambowo, kufikira kuti mu 1948 inayamba kutuluka magazini yotchedwa Hot Rod.

Ya bambowo inali Ford ya 1932, yopanda denga, imene atate awo anaimanga atabwera kunkhondo. Injini yoyamba ya chaka chimenecho, ya mphamvu ya akavalo 65, anaichotsa, naikamo ina ya Ford yomweyo ya cha m'ma 1946, ya akavalo 100, nakhazika pamwamba pake makabuleta awiri a Stromberg 97. Tsono vuto lake linali lotere: m'mawa inkalira bwino ndithu, koma ikayenda theka la ola padzuwa, madzi ankawira, ndipo akaima nayo pa mphambano inkazima, nikana kuliranso kufikira itazizira. Mwana wawo wamwamuna anali atatopa kukaikoka kumsewu, nati injiniyo itayidwe, aikemo ya Chevrolet, monga ambiri achitira chiyambire 1955. Anapangana kuti ngati sichira pofika kutha kwa mweziwo, mawu a mwanayo adzatsatidwa. Bambowo sanatsutse, koma ndinaona kuti mtima wawo unali kuwawa, pakuti m'galimoto monsemo injiniyo ndiyo inali ntchito yeniyeni ya manja a atate awo.

Kuti mumvetse nthenda imeneyi, muyenera kudziwa mapangidwe a injiniyo. Ili ndi masilinda asanu ndi atatu, anayi mbali iyi anayi mbali iyo, ndipo mavalavu ake sali kumutu monga mu injini za lero, koma m'thupi momwemo pambali pa masilinda. Mutu wake ndi chivundikiro chabe chafulati, ndicho chifukwa aitcha flathead. Utsi wotentha ukatuluka m'silinda supeza khomo pafupi, koma uyenda m'kati mwa thupi la injini, pakati pa madzi, kufikira kunja. Ndipo masilinda awiri apakati agawana njira imodzi, kotero kuti mbali iliyonse ili ndi makomo atatu a utsi m'malo mwa anayi. Potero madzi amene ayenera kuziziritsa injini aphikidwa ndi utsi womwewo. Chilema chimenechi nchobadwa nacho, ndipo Ford anapita nacho kufikira 1953, pamene analeka kuika injiniyi m'galimoto za ku America. Munthu akawonjezera mphamvu, awonjezeranso moto. Ndipo injini imene inali kale pa malire sikhululukira kanthu kakang'ono komwe kosalongosoka.

Kulakwa kwa bambowo, kumene anakuvomera okha mwamanyazi, kunali kwakuti chaka chapitacho anasintha zinthu zitatu pa sabata imodzi: anaika radiyeta yatsopano, anaika pampu ya petulo yamagetsi, namasulanso disitibyuta. Galimoto inaipirapo, ndipo sanathe kudziwa kuti mwa zitatuzo cholakwa nchiti. Ine za injini sindidziwa zambiri, koma ichi ndinachizindikira msanga, pakuti ndinaona ana ambiri akufafaniza samu yonse chifukwa cha mzere umodzi. Pa alumali panali kabuku kakuda ndi mafuta ka atate awo, ndipo m'menemo tsamba lililonse linali ndi chinthu chimodzi chokha chosinthidwa, tsiku lake, ndi chimene chinatsatapo. Ndinapempha kuti tipitirize kabukuko, ine ndikhale mlembi. Anaseka, koma anandipatsa pensulo.

Tinayamba ndi chimene ankachiopa koposa. Injini zimenezi zikatenthedwa kawirikawiri zimang'aluka pakati pa valavu ndi silinda, ndipo utsi umalowa m'madzi. Zikatero, mankhwala ake ndi ovuta ndi odula. Pali kachipangizo kagalasi kamene aika pakamwa pa radiyeta, muli madzi obiriwira ngati thambo, amene asanduka achikasu akakhudzidwa ndi utsi. Bambowo anali nako miyezi isanu ndi umodzi osakatsegula. Tsiku limenelo tinaliza injini, iwo nafinya kampira kake, tonse tili chete, maso pa galasi. Anafinya kakhumi, kenaka kakhumi kenanso. Mtundu sunasinthe. Anakhala pansi pa tayala lakale, napukuta nkhope ndi nsanza yamafuta, osadziwa kuti adzidetsa.

Za kuzima kuja zinatitengera masiku ambiri. Pampu ya petulo imene Ford anaika ikhala pamwamba pa injini chakumbuyo, pamalo otentha. Ndipo petulo wa masiku ano, amene ku America kawirikawiri ali ndi gawo limodzi mwa magawo khumi la ethanol, sachedwa kusanduka nthunzi m'paipi yotentha, ndipo pampu singakoke nthunzi. Bambowo anaganiza bwino poika pampu yamagetsi pafupi ndi thanki, kuti izikankha petulo wozizira. Koma pampuyo inali yamphamvu kopitirira, pamene Stromberg 97 ifuna kukankhidwa pang'ono pokha, monga mapaundi awiri ndi theka. Ikapanikizidwa, petulo asefukira kukhosi kwake, injini nitsamwa. Choncho anachiritsa njala nabweretsa kukhuta, ndipo zonse ziwiri zizimitsa injini mofanana. Tinazindikira ichi ndi mphuno, ndiponso poona mapulagi akuda ndi mwaye. Anaika kachipangizo kochepetsa mphamvuyo, napatutsa paipi kutali ndi ekizozi, ndipo kuzima kunatha. Koma madzi anawirabe.

Radiyeta yatsopano ija inalibe mlandu. Titamasula mapampu awiri a madzi, pakuti injiniyi ili nawo awiri, bambowo anapisa waya m'thupi la injini, ndipo munatuluka dzimbiri la zaka makumi asanu ndi awiri, lofiira ngati dothi la katondo, lokwana kudzaza chitini. Tinatsuka masiku awiri. Kutentha kunatsika, koma pang'ono. Chotsala chinali disitibyuta: poibwezera chaka chija anaichedwetsa, kotero kuti moto unkayaka mochedwa, petulo namalizira kupsa ali kutuluka kale m'njira zija za pakati pa madzi. Mu injini ina kulakwa kotere kungofooketsa galimoto; mu iyi kuwiritsa madzi. Anaikonza pa mphindi makumi awiri, ndipo ndinalemba tsamba lachisanu ndi chiwiri.

Musayese kuti ndili kunena kuti chakale chilichonse chiyenera kusungidwa. Pa nkhani ya mabuleki ndinaima ndi mwana wawo. Ford anakakamira mabuleki okokedwa ndi ndodo ndi zingwe zachitsulo kufikira 1939, pamene anayamba a mafuta, ndipo atate aja anaika a 1940, amene m'masiku awo anali abwino. Koma galimoto imeneyi iyenda lero pakati pa zinzake zoima msanga, ndipo pampu ya mabulekiwo ili ndi chipinda chimodzi chokha, kotero kuti paipi imodzi ikaboola, mawilo onse anayi ataya mabuleki pamodzi. Injini ikawira, mwini wake ayenda pansi. Mabuleki akakana, avulala ndi mwana wa eni ake wodutsa mumsewu. Ndinawauza zimenezi mwaulemu, popeza ndinali mlendo, ndipo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka nati pampu ya zipinda ziwiri ibisika pansi, atate awo sakanaiona.

Loweruka lomaliza ndisanabwerere kuno, tinakwera nayo phiri dzuwa lili paliwombo, mwana wawo akutitsata pambuyo ndi chingwe chokokera, pakuti sanakhulupirire. Ine mphepo inandilanda chipewa, koma sindinacheuke. Ntchito yanga inali kuyang'ana muvi wa kutentha ndi kutchula manambala mokweza. Kumeneko ayesa ndi Fahrenheit, ndipo madzi awira pa 212. Muvi unakwera kufika 180, pa chitunda nufika 190, nuima pomwepo. Pamwamba anazimitsa injini dala, tinadikira mphindi khumi, naitchayanso, ndipo inalira nthawi yomweyo. Mwana uja anatsika m'galimoto mwake, napinda chingwe chake, nandifunsa ngati m'kabukumo mwatsala tsamba la mabuleki.