Womangidwa unyolo sangasambire

Jekete yoyandamitsa munthu pamadzi imakhala ya mitundu ingapo, ndipo kusiyana kwake kumaoneka kochepa mpaka tsiku limene wina wagwera m'nyanja. Ina ili ndi mabowo opisamo manja ngati chovala wamba, ndipo imagwira thupi pokhapokha manjawo atalowa. Ina imakoloweka m'khosi n'kumangidwa ndi lamba kuzungulira thupi, moti imatha kuvekedwa ngakhale munthu amene manja ake ali kumbuyo. Wapolisi wa pamadzi amene sadziwa kusiyana kumeneku sayenera kumanga munthu pa boti. Pa 31 May 2014, pa nyanja yotchedwa Lake of the Ozarks m'chigawo cha Missouri ku America, wapolisi wotere adalipo, ali yekha pa boti la boma.

Dzina lake ndi Anthony Piercy. Adaimitsa boti limene ankayendetsa Brandon Ellingson, mnyamata wa zaka 20 wochokera ku Iowa, pomuganizira kuti waledzera. Adamumanga unyolo manja ali kumbuyo, kenako adatenga jekete ya mabowo ija n'kumuveka pamwamba, manja osalowa. Anzake a mnyamatayo, omwe adatsala pa boti lawo, adaona zonsezi. Kachipangizo ka GPS ka pa boti la polisi kadasonyeza pambuyo pake kuti ulendowo unkathamanga kupitirira makilomita 60 pa ola, pa nyanja yodzaza maboti Loweruka, madzi akuwinduka. Boti lidagunda funde, mnyamatayo adagwera m'madzi, jekete idavuka n'kuyandama payokha. Piercy adadumphira m'madzi pomaliza pake koma sadathe kumuvuula. Mtembo udapezeka mawa lake, pansi pa madzi akuya mamita pafupifupi 20.

Alipo amene amati mnyamatayo adaziputa yekha, chifukwa zoyeza zidasonyezadi kuti adali atamwa. Ine mfundo imeneyi ndimaiona mozondoka. Kuledzera ndi chifukwa chomumangira, inde, koma ndi chifukwanso chomusamalira kwambiri. Pamsewu, womangidwa amakhala m'galimoto yotseka zitseko. Pamadzi palibe chitseko. Munthu akagwa, chimene chimamupulumutsa ndi manja ake, ndipo manjawo wapolisi adali atawalanda. Kuyambira pamene unyolo udatsekedwa, kupuma kwa mnyamata uja kudali udindo wa Piercy, ndipo liwiro lililonse limene adawonjezera pa injini adaliwonjezera pa moyo wa mwana wa eni ake, pomwe iye manja ake adali omasuka.

Koma kungoimba mlandu Piercy n'kusiya pomwepo kungakhale kuwachitira chifundo chosayenera anthu ena. Piercy adali wapolisi wa pamsewu kwa zaka 18. Adapezeka bwanji pa chiwongolero cha boti? Mu 2011, pa nthawi ya bwanamkubwa Jay Nixon, Missouri idaphatikiza apolisi a pamadzi ndi apolisi a pamsewu kukhala nthambi imodzi. Chifukwa chimene adapereka chidali kupulumutsa ndalama, madola pafupifupi 3 miliyoni pa chaka. Owerengera chuma cha boma atafufuza adapeza kuti kuphatikizako kukudya ndalama zambiri kuposa kale. Choipa kwambiri chidali chakuti apolisi a pamsewu adayamba kutumizidwa kunyanja kukathandiza nyengo ya alendo ambiri, atangophunzitsidwa mwachidule. Nyuzipepala ya Kansas City Star idapeza kuti Piercy adayenda pamadzi ndi womuphunzitsa masiku awiri okha asanaloledwe kuyenda yekha. Iye mwini adanena poyera kuti maphunziro ake adali osakwanira.

Amene adakulira kunyanja angaseke atamva za masiku awiri. Boti lilibe mabuleki. Likakumana ndi funde la boti linzake limadumpha, ndipo wokhala m'mbali amaponyedwa ngati alibe pogwira. Kudziwa pochepetsa moto, kudziwa mbali yolowera funde, kudziwa kuzungulira n'kufika pa munthu wogwa popanda kumutema ndi injini, zonsezi munthu amazizolowera pang'onopang'ono ali pambali pa wodziwa. Amene adasaina kuti Piercy wakhwima adasaina chinthu chimene sichikadatheka.

Zimene zidatsatira imfayo ndi zimene zimandivutitsa maganizo kwambiri. Mu September 2014 padachitika kafukufuku wa imfa m'boma la Morgan, ndipo anthu osankhidwa kuweruza adatenga mphindi zosakwana 10 kugamula kuti idali ngozi. Woimira boma pa milandu adati sazenga aliyense. Makamera a pa boti la polisi sadajambule kanthu chifukwa mudalibe kakhadi kosungira zithunzi. Kukadakhala kuti banja la mnyamatayo lidatopa pamenepo, nkhani ikadatha ndi mawu akuti ngozi, mawu amene amakonda kutuluka msanga pamene wofufuza ndi wofufuzidwa amalandira malipiro pa windo limodzi.

Banja silidatope. Atolankhani adapempha zikalata ndi manambala a GPS n'kuzisindikiza. Ndipo mkati mwa polisi momwemo mudatuluka munthu, Sajeni Randy Henry, katswiri wakale wa pamadzi amene adayankhula ndi Piercy usiku wa tsokalo. Henry sadaitanidwe kukaperekera umboni pa kafukufuku uja. Adakauza aphungu a nyumba ya malamulo ya Missouri kuti maphunziro a apolisi otumizidwa kunyanja adali operewera. Malipiro ake adali akuti akuluakulu adafuna kumutsitsa udindo ndi kumusamutsa, ndipo posakhalitsa adapuma pa ntchito. Tionepo bwino apa. Chilango cha woulula chidayamba kuyenda msanga kuposa chilango cha woyendetsa boti.

Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo uwu sudawoledi, koma udafota kwambiri pofika kumapeto. Mu December 2015 woimira boma wina, William Camm Seay, adatsegulira Piercy mlandu wakupha munthu mosafuna. Mu 2017 Piercy adavomera mlandu wocheperapo, woyendetsa boti mosasamala, ndipo adamugamula kukhala m'ndende masiku 10, kugwira ntchito yothandiza anthu maola 50, ndi kuyang'aniridwa zaka ziwiri. Chigamulochi chisanaperekedwe, mu November 2016, boma la Missouri lidavomera kupereka chipepeso cha madola 9 miliyoni ku banja. Ndalamazo sizidachoke m'thumba la wapolisi kapena la bwana aliyense, koma m'thumba la anthu okhoma msonkho, omwe sadamange munthu unyolo ndipo sadasainire masiku awiri aja.

Sindikunena kuti Piercy akadafera kundende. Sadadzuke m'mawa ndi mtima wofuna kupha, ndipo ndikukhulupirira kuti chimene adaona tsiku lija chimamulondola. Chimene ndikukana ndi chizolowezi chotcha kusasamala kwa wovala yunifomu kuti tsoka, pomwe kusasamala komweko kukachitidwa ndi munthu wamba timakutcha mlandu. Piercy adaimitsa Ellingson chifukwa choika miyoyo pachiswe pa boti. Pasanathe nthawi yaitali iye adachita zomwezo, ali wosaledzera, ali ndi mphamvu za boma.

Kwathu kuno tili ndi apolisi a panyanja, ndipo asodzi ndi eni maboti amakumana nawo pa nkhani za ziphaso, kudzaza anthu mopyola muyezo ndi katundu wozembetsa. Nawonso amamanga anthu n'kuwakweza pa boti. Funso loti amafufuza wapolisi ndani silachilendo kwa ife: lamulo la polisi la 2010 lidakhazikitsa bungwe loyima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, koma padapita zaka pafupifupi khumi lisadayambe ntchito. Ndipo mlandu wa pamadzi ndi wovuta kuposa wa pamtunda, chifukwa madzi sasunga mapazi kapena zizindikiro za matayala. Ku Missouri choonadi chidatuluka chifukwa boti lidali ndi GPS, padali mboni pa maboti ena, padali sajeni wolimba mtima, ndiponso banja lidalimbikira mlanduwo kwa zaka zingapo. Ngakhale zonsezi zidalipo, mwa amene adakonza zophatikiza nthambi zija ndi amene adatumiza Piercy kunyanja, palibe ndi mmodzi yemwe amene boma lidamuzenga mlandu wa imfa ya mnyamatayo.