Totoro ku Tokorozawa ndi ku Manje

Mmalawi wokulira ku Manje mu Blantyre amene wakhazikika ku Japan sachedwa kuzindikira kuti anime, amene ndi kanema wa zithunzi zojambula yemwe ku Blantyre amangotchedwa katuni, kumeneko amaonedwa ndi banja lonse, agogo omwe, ndipo wailesi ya kanema ya Nippon TV imaonetsa mafilimu a Studio Ghibli Lachisanu usiku makolo ataweruka kuntchito. M'zisakasa zoonetsera mavidiyo ku Manje, Ndirande ndi Bangwe mumalamulira mafilimu a nkhonya ndi a ku Nigeria, ambiri omasuliridwa m'Chichewa, moti munthu wa ndevu wopezeka akuonera katuni amasekedwa.

Komatu My Neighbor Totoro, filimu ya Studio Ghibli imene Hayao Miyazaki adatulutsa mu 1988, ikufanana kwambiri ndi moyo wa ku Manje kuposa wa ku Tokyo wa lero. Satsuki ndi mng'ono wake Mei asamukira kumudzi ndi bambo awo m'zaka za m'ma 1950 kuti ayandikire chipatala chimene mayi awo agonekedwa, ndipo kumeneko amapopa madzi pamjigo, nayang'aniridwa ndi gogo wa nyumba yoyandikana. Mei atasowa ali ndi dowe m'manja, limene adafuna kukapatsa mayi ake pokhulupirira kuti achira, mudzi wonse udasiya ntchito n'kuyamba kufufuza padziwe pamene padapezeka nsapato ya mwana. Chigawenga mulibemo, chinthu chimene chikadampatsa ntchito womasulira wa ku Ndirande, popeza iye amakometsa filimu ndi mfuu wa ndewu. Totoro mwiniwake ndi mzimu wa m'nkhalango wokhala mumtengo waukulu, ndipo bambo a anawo amauweramira mtengowo mwaulemu umene Amang'anja amapereka kunkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona.

Kusiyana kowawa kuli pa mitengo. Mu 1990 anthu okhudzidwa ndi filimuyi adakhazikitsa thumba la ndalama lotchedwa dzina la Totoro, limene limagula nkhalango zing'onozing'ono za m'mapiri a Sayama, kufupi ndi Tokorozawa ku Japan, kuti pasamangidwe nyumba. Phiri la Soche, limene Manje adatsamira, lidametedwa ndi nkhwangwa za ofuna nkhuni ndi malo omangapo, ndipo mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera pamwamba pake n'kukwirira nyumba ku Manje ndi ku Chilobwe.