Bulangeti la ma T-sheti a alongo anga

Pogawa zovala za malemu palibe amene amakanganila T-sheti yakutha. Alongo anga atamwalila, abale anasonkhana pa nyumba ku Chawama. Suti inapita kwa amalume, nsapato kwa msuweni, jekete kwa mnzao wa ku chalichi. Ma T-sheti 14 anatsala m'thumba pakona. Alamu anati, "Tengani, mukapange zokolopela." Ndinatenga, koma dzanja linakana kung'amba.

Thumbalo linakhala pamwamba pa wadilopu zaka ziwili. Cimene cinalitsitsa ndi mwana wao wamwamuna wa zaka 9. Akabwela kwanga pa holide, anali kusolola T-sheti imodzi ya atate ake n'kugona nayo, yomufika m'mawondo. Ndinaganiza zomusokela bulangeti la zigamba mphepo ya June isanafike, cigamba ciliconse cikhale cifuwa ca T-sheti ya atate ake.

Kusoka ndimadziwako, makina a amai ndili nawo. Ndinadula zigamba ziwili n'kuzilumikiza. Msoko unatuluka wopindikapindika ngati msewu wa m'komboni nthawi ya mvula. Cigamba cina cinatalika kuposa cinzake, pamene ndinayeza mofanana. Nsalu ya T-sheti ndi yoluka ngati juzi, imakokeka, maka-maka copingasa, ndipo ukaidula m'mbali mwake mumapindika. Phazi la makina likaipondeleza, imathawa.

Ndinapita nazo kwa amai ena osoka pa maliketi. Anayang'ana msokowo n'kuseka. "Aphunzitsi, iyi nsalu siimvela popanda Vilene." Vilene ndi dzina la mtundu umodzi cabe, koma matelala ambili amachula conco kansalu kalikonse ka guluu kamene amamata ndi nsimbi mkati mwa kolala. Pa Cingelezi amati fusible interfacing. Mbali imodzi ndi yosalala, ina yokhakhala, ya timadontho. Timadonthoto ndiye guluu, nsimbi ikatentha timasungunuka n'kugwila nsalu.

Ku Kamwala ndinacita phuma. Ndinagula yolimba ija ya m'makolala, poganiza kuti yolimba ndiyo yabwino. Kunyumba ndinaimata pa T-sheti ya buluu imene alongo anali kuvala pokonza galimoto. Cinatuluka cinali katoni. Sicinali kupindika, sicinali kufunda, kufewa konse kwa nsalu yocapidwa kambilimbili kunatha. Poyesa kuimatula, guluu anatsalila ndipo zilembo zinang'ambika. Usiku umenewo ndinalila kuposa mmene ndinalilila kumanda. T-sheti ina ya mtundu umenewo kulibe sitolo imene ndingakaigule.

Amai aja sanandidzudzule. Anatulutsa mipukutu itatu n'kundiuza kuti ndigwile. Woyamba unali ngati pepala lofewa, wosaluka, wochipa. Waciwili unali woomba ngati nsalu ya thonje yopyapyala, wodulako mtengo koma wokhalitsa. Wacitatu unali woluka, wokokeka mbali imodzi. Uwu anati ukaugwilitsa nchito, mbali yake yokokeka uipingase ndi mbali yokokeka ya T-sheti, kuti wina agwile mnzake. "Ciliconse cimene musankhe, cikhale copepuka," anatelo. "Mukaciika padzanja cizigwa cokha. Nchito yake ndi kuletsa kukokeka basi, osati kuumitsa."

Ndinasankha woombawo. Unali wa masentimita 90 m'lifupi, ndiye zidutswa ziwili za masentimita 35 zinali kukwana pa mzele umodzi. Pa zigamba 12 ndinafunika mamita awili ndi pang'ono, conco ndinagula awili ndi hafu kuti zotsala zikhale zoyesela.

Ngati nanunso muli ndi thumba lanu pamwamba pa wadilopu, mvelani mmene ndinacitila ulendo waciwili. Ndinacapa ma T-sheti onse popanda mankhwala ofewetsa zovala, cifukwa amalepheletsa guluu kugwila. Ndinadula m'mbali ndi m'manja, cifuwa conse n'kucisiya cacikulu. Apa ndi pamene ndinalakwa poyamba: umayamba wamata, kudula saizi n'kwapambuyo. Ndinayala T-sheti cafufumimba, zilembo pansi, osaikoka. Pamwamba ndinaika interfacing, mbali yokhakhala kuyang'ana nsalu. Ukatembenuza, guluu yense amakakamila ku nsimbi. Ndinaphimba ndi kansalu ka thonje konyowa pang'ono, nsimbi yotentha mwapakati, n'kupondeleza masekondi 10 mpaka 15, kunyamula, kuika pena. Osakhwekhweleza ngati ukucisa yunifomu, cifukwa nsalu imasuntha ndipo makwinya amamatika mpaka kale-kale. Cigamba cikazizila m'pamene ndinali kucinyamula n'kucidula masentimita 32 mbali zonse, sentimita imodzi ya msoko uku ndi uku.

Masiku ena malaiti anali kupita ndili pakati. Ndinabweleka nsimbi ya malasha kwa aneba. Iyo ilibe poikila kutentha, conco nthawi iliyonse ndinali kuyamba ndayesa pa dzanja la T-sheti limene ndinadula. Manja amenewo musataye, ndiwo amapsa m'malo mwa cifuwa.

Imene ndinali kuopa ndi jezi ya Chipolopolo. Alongo anaivala usiku wa pa 12 February 2012, pamene Zambia inagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8-7 ku Libreville n'kutenga cikho ca Africa. Jezi ndi ya polyester, ndipo polyester ikakumana ndi moto wambili imanyezimila, kenako imasungunuka. Ndinaisiya komaliza. Ndinadikila tsiku la malaiti, ndinacepetsa kutentha, ndinayesa pa dzanja katatu. Poika nsimbi pa cifuwa ndinali kuwelenga mokweza ngati ana a Giledi 1. Inagwila, ndipo inakhalabe yofewa.

Pambuyo pake makina anayenda bwino. Zigamba zitatu m'lifupi, zinayi m'litali, pakati timizele ta citenge, kumbuyo bulangeti lopepuka. Interfacing ija palibe angaione, yonse ili mkati.

Mnyamata anabwela kumapeto kwa May. Analiyala pansi n'kuyamba kuloza. Iyi ya ku nchito, iyi ya mpikisano wothamanga, iyi anali kuvala pa Sondo masana. Atafika pa jezi anafunsa, "Anti, n'zoona kuti adadi anathamanga opanda nsapato tsiku limenelo?" Ndinati n'zoona, mpaka ku msewu waukulu, ndipo m'mawa anali kutsimphina. Iye anali asanabadwe.

Kenako anawelenga. "Ali 12. Ena awili?"

Ndinamuonetsa ya buluu imene ndinaononga, ndipo ndinapepesa. Anaigwila, anaigogoda ndi cala, n'kuseka. Yomaliza inali pansi pa pilo. Ndi ija amagona nayo, ndipo sindinaikhudze ndi sizasi.