Za sukulu yathu ya mkombaphala, ndilankhuleko

 Lero sindilemba za mitengo ya feteleza ayi. Ndilemba za ana athu aang'ono, chifukwa sukulu yathu ya mkombaphala ikhoza kutsekedwa mvula isanagwe, ndipo ambiri a inu nkhaniyi simunaimve bwino.

Nkhani yake ndi iyi. Sukulu imene ija ndi ya mudzi. Boma limaziyang'anira sukulu zoterezi kudzera ku unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha ana, koma phala, nkhuni, denga ndi alezi, zonse zimachokera kwa ife eni ake. Tinagwirizana kuti tikakolola, banja lililonse lizipereka ndowa imodzi ya chimanga. Chaka chino mabanja ambiri sanapereke. Ena ndi njala, amenewo ndikuwamvetsa, zokolola sizinali bwino. Koma ena ananena poyera pa msonkhano wa kwa amfumu kuti sangataye chimanga chawo kuti mwana azikasewera ndi dothi tsiku lonse. Akuti ana a m'tauni a zaka zinayi amatchula miyezi yonse ya pachaka m'Chingerezi, amavala yunifolomu, amabwera ndi kope lolembalemba, pamene athu amabwera ndi matope m'mawondo.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekezera ku pulayimale. Nthawi yathu ija kuti uyambe Sitandade 1 ankakuuza kuti udutsitse dzanja pamwamba pa mutu ugwire khutu la mbali inayo. Ukalephera, ubwerere kunyumba ukakule kaye. Fizi inalinso yolipira, maphunziro aulere anabwera mu 1994 ife tili kale ndi mabanja. Ndiye sindikulankhula ngati mphunzitsi. Ndikulankhula ngati mlimi amene walera ana ake ndipo tsopano akuona zidzukulu.

Tiyeni tikumbutsane kaye mmene ife tinaphunzirira kuwerengera. Alongo athu ankasewera phada. Uponye mwala m'mwamba, utulutse miyala m'kadzenje, uwakhe, uponyenso, ubweze yonse kusiyako umodzi. Kenako kusiyako iwiri, kenako itatu. Kodi kumeneko si kuchotsera? Maso, dzanja ndi mutu zonse zikugwira ntchito nthawi imodzi. Pa fulaye ankawerenga mokweza, ndipo wina akadumphitsa nambala anzake ankamugwira pompo. Ife anyamata tinkakumba bawo pansi, maenje 32, ndipo mwana wodziwa bawo amawerengera mumtima kumene nkhomo yake yomaliza ikathere asanagwire n'komwe. Tinkaumba ng'ombe zadothi kubusa, tinkapinda mawaya kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chotembenuka. Ena mwa anzanga amene ankapinda mawaya aja lero ndi amakanika ndi owotcherera zitsulo m'tauni momwemo.

Nanga masanje? Tikatha kukolola tinkamanga timisasa ta mapesi, kukunkha chimanga chotsalira m'munda, wina n'kukhala bambo, wina mayi, wina mfumu. Mlandu ukabuka tinkaweruza tokha. Kugawa ndiwo zochepa kuti aliyense alaweko tinaphunzirira kumeneko. Madzulo agogo ankatiponyera ndagi ndi nthano, iwe n'kumaganiza mpaka mutu kutentha. Palibe ankazitcha sukulu zimenezi, koma zinatiumba.

Tsiku lina ndinakhala pa sukulu ya mkombaphala ija m'mawa wonse, ndikukonza mpanda wa chimbudzi, ndipo ndinaona zimene alezi amachita. Amayi awiri aja anapitako ku maphunziro a masabata awiri, ndipo zimene anaphunzira akuzigwiritsa ntchito. Pakona ina pali zitsekerero za mabotolo ndi zitsononkho, ana amazisanja zofiira pazokha, zazikulu pazokha. Pena pali mchenga ndi zitini, amathira n'kumaona kuti kachitini kakang'ono kalowa kangati m'chachikulu. Pena pali golosale yamasewera, ndalama zake masamba a mango. Kamtsikana kena kanakana kugulitsa sopo wadothi chifukwa wogula anabweretsa masamba awiri pamene mtengo unali atatu. Mlezi sanakalipe, anangofunsa kuti, "Nanga atsala angati kuti akwane?" Kamnyamata kaja kanayang'ana m'manja, n'kuthamanga kukathothola tsamba limodzi. Kameneka kali ndi zaka zinayi. Asanamwe phala onse amafola kusamba m'manja, wamkulu kuthirira wamng'ono.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera mdzukulu wanga wa m'tauni kudzacheza. Ndi mwana wochenjera, ndimamunyadira, ndipo makolo ake amalipira ndalama zambiri ku sukulu yake. Amawerenga m'Chingerezi mpaka 20 osapuma, ngati nyimbo. Agogo ake aakazi anamutuma kuti akatenge mbatata zisanu m'dengu. Anabwera nazo zodzaza manja awiri, osadziwa kuti zisanu zathera pati. Msuweni wake wa kuno, wamsinkhu womwewo, anaziwerenga imodziimodzi n'kubweza zotsalazo. Sindikunyoza mwana kapena makolo ake, chonde mundimve bwino. Patangotha masabata awiri akusewera ndi anzake kuseri kwa khola, nayenso anayamba kugawa mtedza mofanana kwa ana anayi. Mutu unalipo kale, chimene chinkasowa ndi kugwira zinthu ndi manja.

Chingerezi ndi chofunika, zimenezo sindikutsutsa. Mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, ndipo ntchito zambiri zimafuna chomwecho. Alezi athu amawaphunzitsako ana timawu ndi tinyimbo ta Chingerezi, ndipo ndi bwino. Koma chilichonse chili ndi nthawi yake. Amene munalimapo fodya mukudziwa za nazale. Mbewu ija timafesa mvula isanayambe, timaphimba ndi udzu, timathirira m'mawa ndi madzulo. Sitithira feteleza wa kumunda waukulu pa bedi, mbande zingapse. Ikayandikira nthawi yowokera timachepetsa madzi pang'onopang'ono kuti zikhwime. Mbande yothamangitsidwa imaoneka yaitali, yokongola, koma ikafika kumunda dzuwa la tsiku limodzi imagona. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Ndipo kumunda kumene ana athu akupita ndi kowawa. Mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Pa sukulu yathu ya pulayimale kalasi imeneyo imadzaza moti mphunzitsi mmodzi sangathe kuyang'ana kope la mwana aliyense, ena amakhala panja pansi pa mtengo. Mwana amene sanazolowere kukhala ndi anzake, kudikira nthawi yake, kufunsa akapanda kumva, kapena kugwira kamtengo n'kujambula pamchenga, amangosowa m'chigulu muja. Chaka chikatha abwereza, chaka china abwerezanso, kenako wayamba kukana sukulu. Tonse tikuwadziwa ana otere m'mudzi muno. Mphunzitsi wina wa Sitandade 1 anandiuza kuti ana ochokera ku mkombaphala amawazindikira sabata yoyamba yomwe, salira pakhomo ndipo saopa kuyankha.

Palinso nkhani ya phala imene sitiyenera kuchita nayo manyazi. Januwale ndi Febuluwale akafika, m'nyumba zambiri moto umayaka kamodzi patsiku. Kapu ya phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya kapena nsinjiro ndi imene imamugwira mwana mpaka madzulo. Amayi nawo amapita kukapalira mtima uli m'malo, podziwa kuti mwana sali kumtsinje kapena pafupi ndi moto. Sukulu ija ikatsekedwa, oyamba kuvutika ndi ana a mabanja omwe alephera kupereka chifukwa cha njala aja.

Alezi athu salandira malipiro. Amasiya minda yawo m'mawa uliwonse kukakhala ndi ana a eni. Mmodzi wandiuza kuti amuna ake ayamba kudandaula kuti munda ukugonera. Akasiya, sindikuona amene angalowe m'malo mwake.

Ndiye pempho langa ndi ili. A kumudzi kuno, amene muli nacho chimanga perekani ndowa ija, amene mulibe bwerani ndi manja anu. Loweruka likubwerali tikumweta udzu wofolera denga, ndipo mvula ikagwa tikufuna tidzale soya ndi mtedza pa munda umene amfumu anapereka. Tigwirizanenso tsiku limodzi pamwezi lokalima m'minda ya alezi. Inu a m'tauni, zidole zodula musavutike nazo, dothi ndi zitsononkho tili nazo zambiri. Tikusowa shuga, mchere, sopo, makapu apulasitiki, choko, makrayoni ndi mapepala olembedwa mbali imodzi amene mumataya m'maofesi. Mukamabwera pa Khirisimasi ikani m'chikwama, mudzapereke kwa komiti pamaso pa anthu kuti zilembedwe m'buku.

Amene simukugwirizana nane lembani m'munsimu, tikambirane mwaulemu. Koma musanalembe, pitani kaye mukakhale pa sukulu paja m'mawa umodzi, mukaone nokha. Loweruka tikumana 6 koloko m'mawa, aliyense ndi chikwakwa chake.