Kuseka kwa pa vidiyo: wogula adandaule, koma adziwe chimene akupempha

Pali mtundu wa mavidiyo umene umayenda kwambiri pa intaneti. Munthu amamugwira manja kapena miyendo, wina n'kumamugirigisha m'khwapa ndi kumapazi, iye n'kumaseka mpaka misozi. Kunja kuli anthu amene amajambula zimenezi ngati bizinesi, ndipo ogirigishidwawo amalipidwa. Mkangano wa ogula umakhala womwewo nthawi zonse: kodi kusekako n'kwenikweni kapena ndi sewero? Ena amati atibera, zonsezi ndi feki. Ena amati musanyoze mwana wa eni ake. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma pali funso limene sizifunsa: kuti kusekako kukhale kwenikweni, akuvutika ndani?

Tiyambe ndi thupi lenilenilo. Munthu sungadzigirigishe wekha n'kuseka. Mu 1998, Sarah-Jayne Blakemore ndi anzake ku London anaonetsa chifukwa chake: gawo la kumbuyo kwa ubongo, cerebellum, limadziwiratu kumene dzanja lako likupita, ndiye limachepetsa mphamvu ya kukhudzako. Kugirigisha kumagwira pamene dzanja lili la munthu wina ndipo iwe sungalilamule. Choncho kuseka kwa wogirigishidwa si umboni woti akusangalala. Aliyense amene anagirigishidwapo ndi achimwene ake ali mwana akudziwa kuti umatha kuseka uku ukupempha kuti akusiye, mpweya ukukuthera.

Nanga wopenya angazindikire kuseka kwabodza? Dokotala wa ku France, Guillaume Duchenne, analemba mu 1862 kuti kumwetulira kochokera pansi pa mtima kumakwinyitsa khungu la m'mbali mwa maso. Koma kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti anthu ambiri amatha kukwinya masowo mwadala. Ndiye wogula amene akulumbira kuti wagwira bodza pa kavidiyo ka pa foni nthawi zambiri akungoganizira.

Mu 2016 mtolankhani wa ku New Zealand, David Farrier, ndi mnzake Dylan Reeve anatulutsa filimu yotchedwa Tickled. Anafufuza gulu limene linkalipira anyamata kuti awajambule atamangidwa akugirigishidwa. Anyamata ena atafuna kusiya, mavidiyo awo anaikidwa poyera pamodzi ndi maina awo, ndipo anaopsezedwa. Kuseka kwa m'mavidiyo amenewo mwina kunali kwenikweni ndithu, koma anthuwo anapwetekeka moyo.

Kuti ndilongosole maganizo anga, ndibwerere kwathu ku Salima, kumene nkhani ya wogula ndi wogulitsa timaiona tsiku ndi tsiku m'mbali mwa nyanja. Chilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira, chimadziwika ndi utaka. Mayi wogula nsomba padoko la Chikombe ali ndi ufulu wonse woyang'ana maso a nsomba, kununkhiza, kusindikiza mimba ndi chala, n'kunena kuti iyi yagona, musandiuze kuti ndi ya lero. Palibe amene angamutche wamwano, chifukwa akudzudzula katundu ndi mawu amene wogulitsa wanena. Sakunyoza nkhope ya msodzi kapena mtundu wake. Kudzudzula kwachilungamo kumaoneka chonchi.

Koma Mbenji imaphunzitsanso chinthu chachiwiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu ndi asodzi a kumeneko amatseka usodzi pachilumbachi m'nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba ndi njuga. M'miyezi yotsekayo, ogula amaufunabe utaka wa ku Mbenji ndipo ndalama ali nazo, koma chilimira saponya. Anthu a kumeneko anazindikira kalekale kuti chilakolako cha wogula chilibe malire, ndipo mukachitsatira chilichonse, mawa nyanja idzakhala yopanda kanthu. N'chifukwa chake Mbenji imatchulidwa ngati chitsanzo pamene madera ena a nyanja ya Malawi akudandaula za kuchepa kwa nsomba.

Mfundo ziwirizi ndimazitengera ku mavidiyo aja. Ngati wojambula wakugulitsa vidiyo n'kulemba kuti zonse ndi zenizeni pamene ndi sewero, dandaula, ndipo dandaulo lipite kwa iyeyo. Kuno kwathu lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa malonda onamiza, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Kunena kuti ndalipira chimodzi ndapatsidwa china si nkhanza. Wojambula woona mtima angolemba kuti ili ndi sewero, monga momwe tonse timadziwira kuti ochita zisudzo pa wailesi sakukangana zenizeni, komabe timaseka.

Pamene ndimasiyana ndi ogula ena ndi pamene dandaulo likusanduka lamulo loti amugirigishe kwambiri, asamusiye ngakhale alire, tione zenizeni. Apa wogula sakufunanso chilungamo pa malonda. Akufuna kuti munthu wina atayedi mphamvu pa thupi lake kuti iye akhutire ndi ndalama zimene walipira. Ojambula amawerenga ndemanga zotere, ndipo amene amalipira mtengo wake ndi uja wagona pabenchi. Chimodzimodzi kutukwana wogirigishidwayo, kuseka thupi lake, kapena kufufuza dzina lake: ameneyo anangogwira ganyu, sanalembe ndi iye mawu otsatsa malonda.

Nkhaniyi si yakutali ndi ife ophunzira. Ntchito zikusowa, ndipo anzathu ambiri atembenukira ku TikTok ndi Facebook, kujambula nthabwala, kudzidzimutsa anthu m'misewu, kapena kupereka mphatso kwa agogo kamera ili pamaso. Ife oonera, amene tagula bandulo, timafulumira kulemba kuti feki. Mawu amenewa akachuluka, wojambula amaphunzira kuti sewero sililipira, ndiye ulendo wina amakaopseza munthu weniweni amene sanavomere, kapena amajambula misozi yeniyeni ya munthu wosauka. Pamenepo ife timawomba m'manja kuti izi ndiye zoona.

Ndiye musanalembe ndemanga, dzifunseni zinthu ziwiri. Kodi wandinamiza ndi ndani, wojambula kapena wojambulidwa? Nanga chimene ndikupemphachi chikachitikadi, apwetekeke ndani? Ngati yankho lachiwiri lili ndi nkhope ya munthu, ine ndingasankhe sewero lolembedwa poyera kuti ndi sewero, wosewerayo alandire ndalama zake, apite kwawo ali bwinobwino.